Duoderm sikuti mungomata pa chilonda chilichonse chonde

Nkhani ya pulasitala wa hydrocolloid, amene ambiri mumangoti Duoderm kapena Comfeel, ndaifotokoza mpaka pakamwa kuuma. Munthu wamata Lolemba, Lachiwiri wamatula kale, ati anesi mwatuluka mafinya. Si mafinya amenewo abale. Mkati mwa pulasitalayu muli zinthu zomwa madzi zotchedwa pectin, gelatin ndi carboxymethylcellulose, zikakumana ndi madzi a pachilonda zimasungunuka nkukhala zachikasu zonanda, kafungonso kamakhalapo, ndiye ntchito yake imeneyo, pachilonda pazikhala ponyowa kuti khungu latsopano lizimera bwino. Zoti chilonda chiziwombedwa mphepo chiume ndi pomwe chipole, wofufuza wa ku Britain George Winter anazitsutsa kale mu 1962 atayesa pa nkhumba. Mukamamatula tsiku ndi tsiku mukusupula khungu lomwe langoyamba kumera, ndalamanso mukutaya, ndi wodula uyu. Amakhala masiku 3 mpaka 7, musinthe akayamba kuchucha m'mbali kapena kumatuka yekha. Apitirire m'mphepete mwa chilonda ndi masentimita 2 kapena 3, pochotsa muzikoka motsata khungu pang'onopang'ono osati kuzula.

Koma omatulawo bola. Ondidetsa nkhawa ndi omata paliponse. Pulasitalayu amatseka chilonda, ndiye amafuna chilonda choyera chosazama chosatulutsa madzi ambiri, monga matuza a nsapato, kupsa kwa pamwamba, kapena zilonda za odwala ogonera kumodzi zikangoyamba. Chotukusira ayi, cholumidwa ndi galu ayi, chobayidwa ndi msomali ayi, zimenezo nza kuchipatala tsiku lomwelo, pali chiwewe ndi kafumbata.

Bambo ena a shuga sindiwaiwala. Nsapato inawatupula kachala, mwana wawo nkuwagulira pulasitalayu ku famase, mwachikondi ndithu, anamata bwinobwino. Shuga akakhalitsa amaononga mitsempha phazi silimvanso kuwawa, ndiye iwo amangoti ndili bho, amayenda kupita kumsika, pansi pa pulasitala pakuwola. Fungo litakula sanabwere kwa ife kuchipatala, anapita kwa munthu wina wa m'dera amene anatsegula makapisozi nkuthira ufa wake pachilondapo, kenaka mankhwala azitsamba, kenaka ati aponda za ufiti pamsewu. Pofika ku wodi chala chinali chakuda, phazi lotupa mpaka m'kakolo, thupi moto. Madokotala anadula. Akanabwera sabata yoyamba mwina bwenzi tikungotsuka nkuwapatsa mankhwala.

Ndiye wa shuga, chilonda cha kuphazi kaya chichepe bwanji, asamate kalikonse tisanachione. Enanu mukaona kufiira kukufalikira kunja kwa pulasitala, malowo akutentha, kutupa, ululu ukuchuluka m'malo mochepa, kapena thupi latentha, matulani mubwere, osadikira kuti masiku 7 akwane. Ndipo Colgate, mafuta a mabuleki, spiriti ndi phulusa musatithirire, timayamba tavutika kupala zimenezo wodwala akukuwa tisanaone nkomwe kuti chilonda chazama bwanji.