Nkhanza zosasiya chipsera: zizindikireni msanga

Mayi aweruka ku msika wa Mbare Musika ku Harare atagulitsa tomato tsiku lonse. Asanatsike m'kombi, foni yalira kanayi: "Uli kuti? Uli ndi ndani?" Pofika pakhomo, bambo alanda ndalama zonse n'kuyamba kuwerenga mauthenga a pa WhatsApp. Nambala yachinsinsi ya EcoCash anaidziwa kalekale. Sanam'menyepo, koma mayiyu akukhala ngati wam'ndende. Zimenezi ndi nkhanza, ndipo abambo ena nawonso zimawachitikira.

Zimayamba pang'onopang'ono, nsanje n'kumaoneka ngati chikondi. Kenaka akuletsani kucheza ndi abale, kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale kugwiritsa ntchito njira zolerera. Wina amabisa chitupa kapena pasipoti yanu n'kumaopseza kuti akakunenezani za mapepala okhalira m'dziko muno. Ichi chamanga ambiri mwa ife amene ankhoswe athu ali kutali ku Dedza kapena ku Mangochi. Thupi nalo limamva: tulo kusowa, mutu kuwawa, mtima kugunda mukangomva mapazi ake pakhonde. Mawu akuti "banja ndi kupirira" sakutanthauza zimenezi ayi.

Akakukanyangani pakhosi, ngakhale kamodzi kokha, kapena akanena kuti akuphani kapena adzipha, moyo wanu uli pachiswe. Nthawi yothetsa banja ndiyo yoopsa kwambiri, choncho musamuuziretu kuti mukuchoka. Mapepala anu ndi a ana, mankhwala ndi kandalama pang'ono zisungitseni kwa munthu amene mumamukhulupirira.

Nanga mbiri yake mukuidziwa? Ku England ndi Wales, kuyambira 2014, munthu amatha kufunsa apolisi ngati bwenzi lake linachitapo nkhanza. Makolo athu nawo sankalola ukwati asanafufuze. Funsani mwakachetechete kumene ankakhala ndi kumpingo kwake: mkazi woyamba anachoka bwanji? Ana ake amawathandiza? Munthu wonena kuti akazi onse amene anakhala nawo anali oipa, samalani naye.

Kuno ku Zimbabwe, lamulo la nkhanza za m'banja la Domestic Violence Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2007, limawerengera kunyoza, kuopseza, kulondalonda ndi kumana munthu ndalama monga nkhanza. Khoti la majisitireti likhoza kupereka chikalata chokutetezani. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Friendly Unit. Bungwe la Musasa limapereka uphungu ndi malo obisalako, imbani 08080074 mwaulere. Ngati mwagwiriridwa, ngakhale ndi mwamuna wanu, fikani kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mulandire mankhwala oteteza ku HIV. Kuchipatala cha Parirenyatwa ku Harare kuli Adult Rape Clinic yothandiza pa zimenezi.