Polemba mawu pa pulani, musamadule mizere ndi Enter

Pulani ya nyumba ikafika m'manja mwa mmisiri, sayang'ana mizere yokha ayi. Amafuna kudziwa kuya kwa maziko, kukula kwa zitsulo, kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga. Zonsezi zimalembedwa m'mawu, ndipo mu AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani pa kompyuta, malangizo ataliatali otere timawalemba ndi chida chotchedwa MTEXT, yomwe inabwera ndi Release 13 mu 1994. TEXT, njira yakale yolembera mawu, imaona mzere uliwonse ngati chinthu pachokha, pomwe MTEXT imasunga ndime yonse pamodzi.

Mukalemba MT n'kudina Enter, pulogalamu imakufunsani makona awiri a bokosi. Chachikulu apa ndi mulifupi mwake, chifukwa ndi momwe mawu amadziwira pothera mzere. Kupita pansi, bokosi limakula lokha.

Pamenepa ndi pomwe ophunzira ambiri amandidetsa nkhawa. Akangofika kumapeto kwa mzere amadina Enter, ngati ali pa taipi yakale. Mawa injiniya akati zitsulo za Y12 (zonenepa 12 mm) zikhale Y16 (16 mm), n'kuwonjezerapo mawu awiri, ndime yonse imabalalika: mzere wina wautali, wina uli ndi liwu limodzi lokha lili pululu. Munthu amataya theka la ola akulumikiza zomwe anadula yekha. Enter ndi woyambira ndime yatsopano basi. Ngati bokosi lachepa, dinani pa mawuwo, mukoke kachizindikiro kabuluu ka m'mbali, mizere idzikonza yokha.

Kukula kwa zilembo nako kumasokoneza anthu. Ngati mukujambula m'mamilimita ndipo mukufuna zilembo za 2.5 mm papepala, pa sikelo ya 1:100 muzilembe 250, pa 1:50 muzilembe 125. Kuyambira mu AutoCAD 2008 muli Annotative, yomwe imakuwerengerani masamu amenewa mukaisankha.

Zizindikiro zina sizipezeka pa kiyibodi. Lembani %%c kuti mupeze Ø wosonyeza kunenepa kwa mapaipi, %%d wa madigiri, ndi %%p wa ±.

Mtundu wa zilembo muzisankhiratu mu STYLE, momwe mumakonzedwa masitayilo a zilembo, osati kupaka liwu ndi liwu mkati mwa bokosi. Ndinalandirapo fayilo yomwe malangizo ake anachita kukopera kuchokera mu Word. Ndinasintha sitayilo katatu, mawu osasuntha n'komwe, chifukwa anabwera atanyamula kale makonzedwe awo obisika. Mankhwala ake ndi kusankha mawu onse mkati mwa bokosi, kudina batani lakumanja la mausi, n'kusankha Remove Formatting. Komanso pewani zilembo zokongoletsa zomwe mnzanu alibe. Kompyuta yake ikazisowa imaikapo zina, ndipo mawu amatha kulumphira pa khoma kapena kuphimba miyezo.

Mawu akagwera pamwamba pa mizere, yatsani Background Mask kuti kumbuyo kwake kuyere. Mukamaliza, tsekani ndi Ctrl ndi Enter pamodzi, kenako musindikize tsamba limodzi muliwerenge mutalitalikitsa pang'ono, monga amaligwirira kapitawo padzuwa.