Sikani ya impso imaona chiyani, nanga imaphonya chiyani?

Odwala ambiri akamva za makina ojambulira m'kati mwa thupi a CT ndi MRI amaona ngati ultrasound ndi yongowachotsera pakhomo. Si choncho. Pa impso ndi chikhodzodzo nthawi zambiri ife a chipatala timayambira pomwepo, ndipo pali chifukwa chake.

Ultrasound imagwiritsa ntchito mafunde a mawu, ilibe cheza choopsa, motero timajambula nayo ngakhale mayi woyembekezera kapena khanda. Timapaka mafuta ozizira m'nthiti, n'kumuuza munthu akoke mpweya augwire kuti impso itsike pang'ono, ioneke bwino. Impso ya munthu wamkulu imatalika masentimita pafupifupi 10 mpaka 12. Ikafota, timadziwa kuti matenda ndi akale. Ikafufuma mkati, ndiye kuti mkodzo watsekeredwa penapake, mwina ndi mwala, mwina ndi prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo) yokula. Tikakuuzani kuti mumwe madzi musakodze, sikuti tikukuzunzani: chikhodzodzo chopanda mkodzo chimakhwinyata, n'kubisa zotupa ndi zipsera za likodzo.

Koma timiyala tating'ono tikatsika m'kapaipi kochokera ku impso, ultrasound imatiphonya kawirikawiri. X-ray wamba imaonetsa miyala yokhala ndi kashiamu, koma yopangidwa ndi asidi wotchedwa uric acid siioneka. Apa mpamene CT imapambana: m'mphindi zochepa imasonyeza pamene mwala wakhala ndi kukula kwake. Koma cheza cha CT n'chochuluka, n'chifukwa chake sitiibwereza chisawawa, makamaka kwa ana.

Nthawi zina pojambula ndi CT timabaya mankhwala a ayodini mumtsempha kuti chithunzi chiwale. Impso zofooka zimavutika nawo, choncho timayamba tayeza magazi. Tiuzeni ngati munadwalapo mutabayidwa mankhwalawa, kapena ngati mumamwa mankhwala a shuga otchedwa metformin. MRI ilibe cheza, koma maginito ake ndi amphamvu kwambiri. Wokhala ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima anene asanalowe m'chipindamo.

Chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Munthu wa shuga kapena wa BP amauzidwa kuti sikani yatuluka bwino, n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo, kenako n'kusiya mankhwala. Chithunzi chimaonetsa maonekedwe a impso, osati mmene ikusefera magazi. Matenda awiriwa amatha kuwononga tosefera ta mu impso kwa zaka zambiri, chithunzi chikuonekabe chabwinobwino. Choncho mukalandira zotsatira za sikani, funsaninso dokotala kuti creatinine (chinyalala chimene impso zimasefa) m'magazi mwanu ili pati, ndiponso ngati mumkodzo muli mapuloteni.