Krzyzewskiville: mudzi wa matenti ndi misala yokhala ndi malamulo

Pa 24 Febuluwale 1979, m'bwalo la Cameron Indoor Stadium mumzinda wa Durham ku North Carolina, ku America, chigawo choyamba cha masewero a basketball chinatha 7 kwa 0. Wodziwa mpira umenewu angaganize kuti zalembedwa molakwika, pakuti matimu abwino amakhala atakwana kale mapointi 30 kapena 40 pokapuma. Koma tsiku limenelo mphunzitsi wa timu ya yunivesite ya North Carolina, Dean Smith, anauza anyamata ake kuti azingopatsirana mpira kutali ndi ukonde mpaka eni bwalolo, a timu ya yunivesite ya Duke, atatopa n'kutuluka m'malo awo otchinga. A Duke anakana kusuntha. Lamulo lokakamiza timu kuponya mpira nthawi yoikika isanathe linali lisanabwere m'makoleji, ndiye mphindi zinkangodutsa anthu akuyang'anizana. Mnyamata wina wa Carolina, Rich Yonakor, atalimba mtima n'kuponya, mpira unangodutsa osakhudza ngakhale chitsulo cha ukonde. Pomwepo ophunzira a Duke anayamba kuimba mokoka mawu kuti "air ball, air ball", kumuseka kuti waponyera mphepo. Duke inapambana 47 kwa 40, ndipo eni ake amaumirira kuti nyimbo yomwe lero imamveka m'mabwalo a basketball paliponse inabadwira pamenepo.

Ochemerera amenewa amatchedwa Cameron Crazies, amisala a pa Cameron. Amadzipaka penti yabuluu ndi yoyera, ena thupi lonse, amavala mawigi, ndipo sakhala pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wowaonera pa TV amati ndi ana ongosokonekera mitu. Amene watsata mbiri yawo amapeza kuti misalayi ili ndi akuluakulu ake, kaundula, ngakhalenso mayeso olemba, zonsezi m'mudzi wawo wa matenti wotchedwa Krzyzewskiville, momwe amagona podikira malo m'bwalo.

Bwalolo ndi laling'ono. Linatsegulidwa pa 6 Januwale 1940, ndipo mu 1972 analipatsa dzina la Eddie Cameron, yemwe anali mphunzitsi wa timuyi kenako mkulu wa zamasewero pasukulupo. Mumalowa anthu 9,314 okha, pamene la adani awo a Carolina m'tauni ya Chapel Hill, lomwe linatsegulidwa mu 1986, limalowa anthu oposa 21,000. Kwa zaka zambiri munalibe makina oziziritsa mpweya, moti anthu ankatuluka malaya atanyowa ndi thukuta. Chachikulu n'chakuti malo oyandikana ndi osewera, omwe m'mabwalo ambiri amapita kwa anthu olemera othandiza sukulu ndi ndalama, ku Duke ndi a ophunzira, ndipo ophunzira a digiri yoyamba salipira kanthu. Wosewera wa timu yobwera akaima m'mphepete kuti aponyere mnzake mpira, kumbuyo kwake kumakhala manja mazana atatambasulidwa, zala zikugwedera pafupi ndi khosi lake ngati akumulodza. Kumukhudza n'koletsedwa, ndipo sam'khudza. Wosewera akachotsedwa chifukwa cholakwira kasanu, amam'perekeza ndi mkuwo wautali, manja ali m'mwamba, mpaka akhale pa benchi, ndiye onse pamodzi amam'tsanzika. Ena ochenjera amazengereza kukhala pansi kuti awathetse mpweya.

Udani wa Duke ndi Carolina ndi wa anthu oyandikana nyumba. Sukulu ziwirizi zatalikirana makilomita osakwana 20, ndipo anthu a mbali ziwirizi amagula m'masitolo amodzi, ena amakwatirana. Carolina ndi ya boma, yakalekale, chikalata choikhazikitsa ndi cha 1789, ndipo ana ambiri ophunzira kumeneko ndi a m'dera lomwelo. Duke ndi yoima payokha, fizi yake ndi yoboola m'thumba, ndipo ana ambiri amachokera kutali. Masewero awo oyamba anachitika mu Januwale 1920, Duke ikutchedwabe Trinity College. Dzina linasintha mu 1924 pamene James Buchanan Duke anapereka chuma chambiri ku sukuluyi. Chumacho chinachokera mu fodya ndi magetsi. Duke yemweyu ndiye anali wapampando woyamba wa British American Tobacco pamene kampaniyi inkakhazikitsidwa mu 1902, BAT yomwe ija alimi a fodya kuno kwathu amaidziwa bwino. Mpaka lero dera la masukulu amenewa amalitcha Tobacco Road. Mitundu ya yunifolomu zawo yonse ndi yabuluu, wina woderako, wina wowala ngati thambo, ndipo kusokoneza iwiriyi pamaso pa mwini wake ndi kuputa mlandu. Mu Febuluwale 1961 Art Heyman wa Duke ndi Larry Brown wa Carolina anasinthana zibakera masewero ali pafupi kutha, ochemerera n'kulowerera, ndewu n'kukhala ya aliyense.

Chaka chimene chinaumba khalidwe la amisalawa ndi 1984. Mu Januwale timu ya Maryland inabwera ku Cameron ili ndi wosewera yemwe mtsikana wina anali atamudandaula kuti anamuchita zachipongwe. Dzina lake litatchulidwa, ophunzira a Duke anaponya m'bwalo zovala zamkati za akazi ndi makondomu, n'kumamutukwana masewero onse. Nyuzipepala ya Washington Post inawadzudzula kwambiri, ndipo sukulu yomwe imadzitama kuti imaphunzitsa ana anzeru inachita manyazi.

Mkulu wa yunivesite panthawiyo anali Terry Sanford, yemwe kale anali bwanamkubwa wa North Carolina. Akanatha kutseka malo a ophunzira kapena kudzazamo apolisi. Iye analemba kalata ngati ya malume kwa ana a mlongo wake, n'kusaina kuti "Uncle Terry". Mfundo yake inali yakuti kutukwana ndi ulesi wa m'mutu, ndipo ana anzeru angathe kusautsa mdani mwaluso popanda mawu onyansa. Ophunzirawo anamva, koma anamva mwa njira yawo. Masewero otsatira a pakhomo ndi Carolina, ambiri anabwera atavala timikombero ta angelo pamutu. Ananyamula zikwangwani zolandira Dean Smith ndi manja awiri. Woyimbira masewero akagamula zowapweteka, m'malo mwa mawu aja a masiku onse ankaimba kuti "tikupempha kutsutsako pang'ono", ndipo wosewera wa Carolina akamaponya mpira wa chilango ankamupempha mwaulemu kuti chonde aphonye. Carolina, yomwe inali ndi Michael Jordan, inapambanabe. Koma kuyambira pamenepo Crazies anadziwa chowasiyanitsa ndi ena: chipongwe chophika bwino, choti ngakhale wochitiridwayo amwetulire. Sikuti nthawi zonse amakwanitsa. Mapepala omwe amagawana masewero asanayambe, olembedwa nyimbo za tsikulo ndi tinkhani ta osewera a timu yobwera, nthawi zina amafika pa moyo wa munthu pomwe sipafunika kufika, ndipo madandaulo a mtundu umenewu sanathe.

Matenti anabwera patapita zaka ziwiri. Mike Krzyzewski, amene dzina lake limatchulidwa ngati Shishefski, anafika ku Duke mu 1980 kudzakhala mphunzitsi wa timu, ndipo zaka zake zoyamba zinali zowawa moti ena ankafuna achotsedwe. Pofika 1986 timu yake, motsogozedwa ndi wosewera Johnny Dawkins, inali pamwamba m'dziko lonse la America. Malo a ophunzira ndi ochepa, ndipo lamulo linali lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kulowa. Anthu ankagona pamzere usiku umodzi atafunda mabulangete. Chaka chimenecho kagulu ka ophunzira kanaona kuti kugona pa simenti n'kudzizunza, ndipo kanakhoma matenti pa kapinga wa pafupi ndi bwalo kutatsala masiku angapo kuti Carolina ibwere. Ena ataona anakhomanso awo, mpaka matenti anakwana makumi angapo. Wina analemba pa katoni kuti Krzyzewskiville, mudzi wa Krzyzewski, ndipo dzinalo linakhala. Duke inapambana masewerowo.

Pamene pali mzere pamakhala olowerera, ndipo pamene pali olowerera pamabadwa malamulo. Masiku angapo aja anasanduka sabata, sabata n'kusanduka mwezi ndi kupitirira, chifukwa chaka chilichonse pankapezeka ena ofuna kuyamba msanga kuposa anzawo. Ena ankakhoma tenti n'kukagona kuchipinda kwawo kofunda. Choncho ophunzira okhaokha anaika oyang'anira mzere, ndipo lero oyang'anirawa ndi boma la mudziwo. Tenti imodzi imalembetsa anthu osaposa 12. Pali magawo otchedwa ndi mitundu ya utoto. A gawo lakuda ndi amene amayamba mu Januwale, kukuzizira koopsa, ndipo pafupifupi gulu lonse liyenera kugona momwemo usiku uliwonse. A gawo labuluu amayamba mochedwerako, ofunika kugonamo n'kukhala ochepa, ndipo a gawo loyera amabwera kumapeto. Popeza ofuna malo amaposa matenti ololedwa, magulu amalemba mayeso a mbiri ya timu ndi osewera ake, ndipo zotsatira zake ndi zomwe zimanena amene alowe m'mudzi ndi amene adzaime kutsogolo. Mwana amene mawa lake ali ndi mayeso a sayansi amapezeka usiku akuloweza sukulu ya sekondale yomwe wosewera wa pa benchi anaphunzirako.

Chowawa kwenikweni ndi kalembera. Oyang'anira amaliza chimkuzamawu nthawi ina iliyonse, masana kapena 3 koloko m'bandakucha. Zipi za matenti zimatseguka, anthu n'kutuluka m'matumba ogonamo, wina nsapato imodzi, wina jekete atavala chosemphanitsa, kuthamanga m'matope ndi chitupa cha sukulu m'manja kuti dzina lawo lichongedwe. Gulu likaphonya kamodzi limachenjezedwa. Likaphonya kachiwiri limataya malo, masiku onse aja n'kupita pachabe. N'chifukwa chake gulu lililonse limakhala ndi ndandanda ya maola pa kompyuta, wakuti ali m'kalasi nthawi yakuti, wakuti alonde tenti, ndipo maubwenzi ena amathera pomwepo chifukwa cha mmodzi amene anagona tulo tofa nato. Kukazizira mopitirira muyeso kapena kukagwa chipale chambiri, oyang'anira amalengeza chisomo, aliyense n'kukagona m'nyumba. Chimfine ndi chifuwa sizichoka m'mudzimo. Pamene anali mphunzitsi, Krzyzewski ankawagulira pizza nthawi zina ndi kukumana nawo Carolina isanabwere.

Ine chimene chimandiseketsa n'chakuti zonsezi n'zolimbirana masewero a mphindi 40. Komabe tikaona mtengo wa tikiti, nkhaniyo imamveka. Pa 20 Febuluwale 2019, Carolina itabwera kudzakumana ndi Duke ya wosewera wotchuka Zion Williamson, matikiti ogulitsidwanso pa intaneti ankafika madola zikwi zingapo, ndipo Barack Obama anali momwemo. Mphindi imodzi isanathe, nsapato ya Williamson inang'ambika, iye n'kuvulala bondo n'kutuluka, ndipo Duke inagonja. Wolemera anataya ndalama, wophunzira anataya masabata a tulo. Pali ena pasukulupo amene amati dongosololi limakondera amene ali ndi nthawi, pakuti mwana amene amagwira ganyu kuti apeze ya sopo, kapena wa thupi lofooka, sangagone panja mwezi wathunthu. Ena amati mabuku a malamulo apha nthabwala zija zongobwera zokha za m'ma 1980, ndipo chatsala ndi mwambo wochitira makamera. Mfundo yachiwiriyi ine ndimaimva pang'ono chabe: okalamba a paliponse amati gule anali wa nthawi yawo.

Duke ikapambana Carolina, ophunzira amakoka mabenchi akuluakulu a matabwa omwe amakhala kunja kwa nyumba zawo zogona n'kuwatentha pabwalo la pakati pa sukulu. Ngakhale motowo umafuna chilolezo cha ozimitsa moto a mumzinda. Carolina ikapambana, anthu ake amakhamukira mu Franklin Street ku Chapel Hill, n'kumalumpha timoto tomwe akoleza mumsewu. M'chaka cha 2020 mpaka 2021, mliri wa Covid utavuta, m'bwalo la Cameron munalibe ochemerera, ndipo Duke inalephera kulowa mpikisano waukulu wa makoleji a ku America, wa NCAA, koyamba chichokere 1995. Zifukwa zinali zambiri, koma Crazies amakonda kutchula chimodzi chokha.

Krzyzewski anapuma ntchito mu 2022 atatenga chikho cha dziko lonse kasanu, mu 1991, 1992, 2001, 2010 ndi 2015. Masewero ake omaliza pa Cameron anali pa 5 Malichi, ndipo alendo anali Carolina. Osewera ake akale ambirimbiri anabwera kudzam'tsanzika, ndipo ophunzira anali atagona m'matenti kuyambira Januwale. Carolina inapambana 94 kwa 81. Makamera anaonetsa ana akulira, penti ikuyenderera m'masaya. Mwambo wotsanzikana usanayambe, mkuluyo anapita pa maikolofoni n'kupepesa. Ophunzira atayamba kukuwa kuti am'tonthoze, iye anawauza kuti akhale chete, n'kunena kuti zomwe timu yake inachita tsikulo zinali zosavomerezeka. Pasanathe mwezi, pa 2 Epulo ku New Orleans, matimu awiriwa anakumananso, koyamba m'mbiri ya mpikisano wa NCAA, ndipo Carolina inapambananso 81 kwa 77. Ntchito inapita kwa Jon Scheyer, yemwe anali wosewera wa Krzyzewski mu timu ya 2010. Januwale wotsatira matenti anakhomedwanso pa kapinga yemwe uja, ndipo chikwangwani cha mudziwo sichinasinthe dzina.