Zambia Daily Mail, nyuzipepala imene boma linachita kugula

Ndikafunsa ophunzira utolankhani kuti anayambitsa Zambia Daily Mail ndani, ambiri amayankha msanga kuti ndi boma. Ayi ndithu. Boma linaipeza ikuyenda kale.

Inayamba mu 1960 ku Lusaka, dzina lake ili African Mail, yotuluka kamodzi pa sabata. Nthawiyo dzikolo linali Northern Rhodesia, m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Nyuzipepala yaikulu ya tsiku ndi tsiku, Northern News ya ku Ndola, inkalembera makamaka azungu a kumigodi, ndipo Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganyacho, anali mmodzi mwa eni ake akale. Apo mukuona kale kumene inkapendekera.

African Mail inaima ndi thandizo la David Astor, mkonzi wa The Observer ya ku London, ndi dokotala Alexander Scott, bambo ake a Guy Scott amene anadzagwirizira utsogoleri wa Zambia mu 2014. Mkonzi wake, Richard Hall, ankapereka malo kwa Kenneth Kaunda ndi chipani cha UNIP pomwe atsamunda ankawaona ngati anthu osokoneza. Mu 1962 inasintha dzina kukhala Central African Mail.

Ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964. Chaka chotsatira boma la Kaunda linaigula, n'kuitcha Zambia Mail, ndipo mu 1970 inakhala Zambia Daily Mail.

Anthu amaganiza kuti m'nyuzipepala ya boma mumakhala munthu wa cholembera chofiira wofufuta nkhani. Kawirikawiri safunika n'komwe. Amene amalemba mkonzi ntchito ndi yemwenso amamuchotsa, ndipo mkonzi saiwala zimenezo. Madzulo, poyala tsamba loyamba, pa tebulo pali nkhani ziwiri: Pulezidenti watsegulira mlatho, kwina achipatala akudandaula za mankhwala. Lamya siilira ngakhale kamodzi. Mlatho upita kutsogolo ndi chithunzi chachikulu, mankhwala akabisala mkati, mwinanso adikire mawa.

Ndiye Northern News ija? Kampani ya Lonrho itaigula, inasanduka Times of Zambia mu 1965, mkonzi wake Richard Hall yemweyo. Mu 1975 Kaunda analengeza kuti UNIP iitenganso. Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD atapambana zisankho mu 1991 anapeza Daily Mail ili m'manja mwa boma, Times of Zambia ili m'manja mwa UNIP; kenako zonse ziwiri zinakhala za boma, ndipo sanazitaye.