Matayala anayi saletsa njinga kugubuduzika

Mawu amene ndatopa nawo pa ntchito yanga yotsogolera alendo m'milu ya mchenga ya ku Atlantis, kumpoto kwa mzinda wa Cape Town, ndi akuti njinga yamoto ya matayala anayi singagwe. Alendo ochokera ku Ulaya amanena mawu amenewa, ndipo abale athu a ku Malawi ndi ku Zambia amene amagwira ntchito kuno, omwe amabwera m'magulu pa tchuthi cha Disembala, nawonso amanena zomwezo, maso ali pa foni pamene ine ndikupereka malangizo. Njinga imeneyi, imene ambiri amangoitchula kuti quad bike, imagwa ndithu, ndipo kagwedwe kake n'koopsa chifukwa imagubuduzika n'kugwera pamwamba pa woikwerayo. Zambiri mwa zimene alendo amakwera zimalemera pafupifupi makilogalamu 200, ndipo zikuluzikulu zogwirira ntchito m'mafamu zimapitirira 300, komwe ndi kulemera kwa matumba asanu ndi limodzi a chimanga atasanjikizidwa pachifuwa cha munthu wogona chagada mumchenga.

Vuto limeneli ndi lakale ngati njingayo. Kampani ya Honda inatulutsa ya matayala atatu mu 1970, ndipo anthu anavulala nazo kwambiri moti mu 1988 makampani anagwirizana ndi boma la America zosiya kugulitsa za matayala atatu m'dzikolo. Ya matayala anayi inabwera ndi Suzuki mu 1982. Tayala lachinayilo linachepetsa ngozi, koma kugubuduzika sikunathe, n'chifukwa chake ku Australia, kumene alimi ambiri afa ataphinjidwa ndi njingazi mpaka kulephera kupuma, boma linakhazikitsa lamulo mu 2019, ndipo kuyambira mu Okutobala 2021 njinga zatsopano zogwirira ntchito zimagulitsidwa zili ndi chitsulo kumbuyo choti zikagubuduzika zisamukanikize munthu pansi.

Wokwera amakhala pamwamba, pamene njingayo ndi yaifupi ndiponso yopapatiza. Matayala ake ndi ofewa, chifukwa timawapopa mpweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi matayala a galimoto, ndipo amabonyoka njinga ikapendekeka. Pa njinga zambiri zotere matayala awiri akumbuyo analumikizidwa ndi chitsulo chimodzi, choncho amazungulira pa liwiro lofanana ngakhale pokhota, ndipo njingayo imalimbikira kupita kutsogolo pamene inu mwaikhotetsa. Siipendekekera mkati mwa kona monga imachitira ya matayala awiri. Imakankhikira kunja, matayala a mkati amanyamuka, ndipo amene angawabweze pansi ndi thupi lanu lokha. Pokhotera kumanzere, thupi lisendere kumanzere. Pokwera chitunda muweramire kutsogolo, potsika musendere kumbuyo, ndipo podutsa chopingasa pamalo otsetsereka mutsamire mbali ya kumtunda. Munthu wokhala phee pampando, msana uli chiwongokere, wasiyira njinga ntchito imene siingathe kuigwira.

Anthu amene amandivuta kwambiri ndi amene anazolowera njinga zamoto, makamaka anyamata amene anachitapo kabaza kumudzi, chifukwa mwendo wawo unaphunzira kutsika wokha njinga ikapendekeka. Pa quad bike, phazi likangoponda pansi njinga ikuyenda, tayala lakumbuyo limalipeza nthawi yomweyo n'kulikokera pansi pake, ndipo akakolo kapena bondo zimathyokera pomwepo. Mapazi asachoke pa zopondera zake. Vuto lina lili pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, chimene chimakankha kachitsulo kopatsira moto. Munthu akachita mantha amafumbata chiwongolero mwamphamvu, chalacho chimakankha kachitsulo kaja osadziwa, ndipo njinga imalumpha kutsogolo pa nthawi imene iye amafuna kuti iime. Ichi n'chifukwa chake sindilola munthu kulowa m'milu asanazungulire pamalo athyathyathya n'kundionetsa kuti angathe kuchotsa chala ndi kugwira mabuleki ndikangokweza dzanja. Ena amadandaula kuti ndikuwadyera nthawi imene alipira, koma pa nkhani imeneyi sindigonja.

Mpando ndi wautali kuti wokwera azisendera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pokhapokha njingayo itapangidwira anthu awiri, malo otsalawo si a mkazi wanu kapena a mwana wanu. Bungwe la madokotala a ana la ku America limalangiza kuti mwana wosakwana zaka 16 asayendetse njingazi, ndipo ine ndimagwirizana nalo, chifukwa thupi la mwana ndi lopepuka moti ngakhale atasendera mbali yoyenera, njinga ya munthu wamkulu siimumvera.

Mulu wa mchenga uli ndi nkhope ziwiri. Mbali yochokera mphepo ndi yolimba ndipo imakwera pang'onopang'ono, pamene mbali inayo ndi yofewa, yotsetsereka madigiri oposa 30, ndipo munthu amene akukwera saiona mpaka atafika pamsonga penipeni. M'chilimwe cha kuno mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa imasuntha mchenga, moti pamene panali potsetsereka pabwino sabata yatha, lero pangakhale phompho. Dzuwa likafika paliwombo mithunzi imatha, mchenga woyera wa ku Atlantis umathobwa m'maso, ndipo zitunda ndi maenje zimaoneka ngati malo amodzi osalala. Tikamanena kuti mutsate mkukuluzi wa matayala a wotsogolera, musiye mpata pakati pa inu ndi mnzanu, ndiponso musapitirire aliyense, chifukwa chake n'chakuti wotsogolerayo anayendamo m'mawa womwewo ndipo akudziwa chimene chili kuseri kwa msonga iliyonse.

Pali bambo wina amene nkhani yake siindichoka m'mutu. Anali Mmalawi wogwira ntchito yomanga kuno, munthu waulemu, ndipo anabwera ndi anzake a kumudzi kwawo. Sankathamanga n'komwe. Anakhota pang'onopang'ono pamalo opendekeka, thupi lili mbali ya kumunsi, njinga inatembenuka, ndipo nsonga ya chiwongolero inamubaya kumanzere, m'munsi mwa nthiti. Tinamuchotsera njingayo, iye anadzuka, anasasa mchenga m'malaya, anzake anaseka, ndipo pakhungu panangotsala kachizindikiro kofiira kozungulira, kukula kwake ngati pakamwa pa botolo. Ndinamuuza kuti, "Bambo, malo amene mwamenyekawa ndi oipa, tiyeni kuchipatala lero lomwe." Anandiyankha kuti, "Achimwene, musadandaule, ndangopweteka pang'ono, ndikakapuma zitha." Ndinaumirira, ndinauzanso anzake zizindikiro zoti aziyang'ana, koma munthu wamkulu wanzeru zake simungamukweze ambulansi mokakamiza.

Zotsatira zake ndinazimva kwa mmodzi wa anzake aja. Usiku womwewo phewa lakumanzere linayamba kumuwawa, ndipo iwo, poganiza kuti anagwera phewa, anamugulira Brufen, anamupatsa mowa kuti agone, n'kuitana mayi wina wodziwika ndi kuthowa, amene anamuthowa ndi madzi otentha n'kumusisita paphewa ndi pamimba pomwe. Tsiku lachiwiri bamboyo anachita chizungulire pochoka kuchimbudzi n'kukomoka. Kuchipatala anapeza kuti kapamba anang'ambika ndipo m'mimba munadzaza magazi. Anamuchita opaleshoni n'kuchotsa kapambayo, ndipo moyo anapulumuka, koma tsopano ndi munthu amene malungo komanso matenda ena a mabakiteriya angamugwetse msanga kuposa kale, chonsecho banja lake lili m'dera la udzudzu. Chimene chimandiwawa n'chakuti phewa lija linali chenjezo lomveka bwino. Magazi akachucha kuchokera ku kapamba amakhudza mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo ululu wake umakamvekera paphewa lakumanzere. Namwino aliyense wa kumalo olandirira ovulala akanazindikira msanga.

Ife amene tinakulira kumalo a malungo tiyenera kusamala kuposa ena, chifukwa kudwala malungo mobwerezabwereza kumatha kutupitsa kapamba, ndipo kapamba wotupa amatuluka kunsi kwa nthiti zimene zimamuteteza n'kung'ambika ngakhale kumenyekako kutakhala kochepa. Amathanso kuchucha pang'ono, kuima, n'kudzaphulika patapita maola kapena masiku. Choncho kudzuka n'kuyenda wekha pambuyo pa ngozi sikutsimikizira chilichonse. Aliyense amene njinga yamugwera, kapena chiwongolero chamubaya pamimba kapena pachifuwa, akaonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo, ngakhale akuseka. Ngati akumva kuwawa m'mimba kapena paphewa, ngati mimba yauma gwa, ngati akuchita chizungulire poimirira, akutuluka thukuta lozizira, mtima ukugunda mofulumira, akupuma movutikira kapena mkodzo uli ndi magazi, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 nthawi yomweyo. Musamupatse mowa, aspirin kapena Brufen, chifukwa zimabisa zizindikiro kapena kuwonjezera kutaya magazi, ndipo musamupatse chakudya, popeza mwina akufunika opaleshoni.

Mutu nawo umanyenga chimodzimodzi. Munthu amatha kukomoka kwa kanthawi, kutsitsimuka, kucheza bwinobwino, kenako n'kuyamba kusinza pamene magazi akuunjikana mkati mwa chigaza. Mutu wowawa mowonjezereka, kusanza, kufunsa funso limodzi kangapo, kusokonezeka kapena kufooka mbali imodzi ya thupi si zoti n'kudikira nazo kuti kuche. Ndipo ngati wovulala akudandaula khosi, kapena akuti manja ndi miyendo zachita dzanzi, musamudzutse, musamuvule helemeti ngati akupuma bwino, ndiponso musamunyamule n'kumuponya kumbuyo kwa galimoto.

Bambo uja anakana chipatala chifukwa chitupa chake chokhalira m'dziko muno chinali chitatha, ndipo ndikudziwa kuti abale ambiri ali ndi mantha omwewo. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, pa gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamankhwala chadzidzidzi, ndipo mawu akuti aliyense akuphatikizapo inu. Mantha amenewa ndi amene amadyetsa anthu othowa, otema mphini ndi ogulitsa mankhwala a m'mabotolo opanda dzina. Sindikunyoza kuthowa pamene munthu wangobinya mwendo, koma dzanja la munthu silingaone magazi amene ali m'mimba, ndipo kusisita pamwamba pa chiwalo chong'ambika kungachititse kuti pamene magazi anayamba kuundana patsegukenso. Fupa laling'ono la pamfundo ya dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, limathyoka kawirikawiri munthu akagwera chikhatho, ndipo likangokulungidwa nsanza popanda kujambulidwa limatha kukana kulumikizana, dzanja n'kukhala lowawa kwa zaka.

Achinyengo alipo ngakhale pakati pa ife otsogolera, ndipo awa ndiwo amandikwiyitsa kwambiri. Munthu amagula njinga zakale zingapo, amalengeza pa Facebook mtengo wotsika, n'kuyamba kutenga alendo alibe maphunziro alionse. Lamulo la zokopa alendo la 2014 limafuna kuti wotsogolera alendo alembetsedwe ku ofesi ya boma ya m'chigawo chake, akhale ndi satifiketi ya chithandizo choyamba, ndiponso akhale ndi baji ndi chiphaso. Pemphani kuti muzione musanalipire, ndipo wogwira ntchito moona sakhumudwa ndi pempho limenelo. Milu ya ku Atlantis ili m'malo otetezedwa a Witzands, amene amayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda wa Cape Town chifukwa pansi pake pali madzi amene anthu amamwa, ndipo kulowamo kumafuna chilolezo. Wina akakuuzani kuti akudziwa njira yolowera kuseri, kapena kuti akupititsani m'mphepete mwa nyanja, kumene dziko lino linaletsa magalimoto ongosangalalira kuyambira pa malamulo a 2001, dziwani kuti mukavulala sadzafulumira kuitana ambulansi, chifukwa kutero n'kudziulula yekha.

Onani helemeti imene akupatsani ngati ikukwana bwino ndipo lamba wake akumangika pansi pa chibwano. Finyani mabuleki njinga isanalizidwe. Funsani kuti wina akavulala pakati pa milu amutulutsa bwanji, ndiponso ngati pali wotsogolera wachiwiri woyenda kumbuyo gulu likakhala lalikulu. Akakulolani kukwera mutamwa mowa, mutavala masilipasi, kapena mwana ali pamiyendo, bwezani kiyi n'kuchoka. Chikalata chimene mumasayina musanakwere chiwerengeni chonse, ndipo amene mwachokera kunja muyang'anenso inshuwalansi yanu ya paulendo musanafike kuno, chifukwa makampani ambiri salipira ngozi za quad bike pokhapokha munthu atalembetseratu kuti akakwera.