Mwapeka dziko lonse, nanga Loweruka lachokera kuti?

Ndatopa nazo. Mwezi uno wokha ndawerenga nkhani zitatu za achinyamata a muno mu Lusaka, zonse za maiko opeka, ndipo zonse zagwa m'mbuna imodzimodzi. Mlembi watuluka thukuta kupeka mafumu, milungu ndi zilombo zouluka, kenako ngwazi yake ikunyamuka "Loweruka m'mawa, mu July". July wake uti? Dzinalo ndi la Julius Caesar, August ndi la Augustus. Aroma alowa bwanji m'dziko lanu? Loweruka ndiye limandipweteka mutu: ndi tsiku loweruka ku ntchito yolembedwa. Ngati anthu anu sadziwa kapitawo, akuweruka kwa yani?

Musanapeke dzina la mwezi ndi limodzi lomwe, yang'anani kumwamba. Chaka chathu ndi masiku 365 ndi pafupifupi maola 6, pomwe mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti uonekenso watsopano. Miyezi 12 yotere ndi masiku 354, kupereweza 11. Masamu osakumanawa avutitsa mitundu yonse. Asilamu amatsata mwezi wokha, n'chifukwa chake Ramadan imabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Ku Ethiopia ali ndi miyezi 12 ya masiku 30 ndi kamwezi kena ka masiku 5 kapena 6. Papa Gregory XIII mu 1582 anachita kudumpha masiku 10 kuti Pasaka asasochere. Ndiye inu mwapachika miyezi iwiri kumwamba. Mayi akati "mwezi watha", akunena uti? Amene amalengeza chaka chatsopano ndani, mfumu kapena wansembe? Awiriwo akasemphana pa tsiku lodzala, nkhani yanu yapeza kale mkangano.

Za nyengo ndiye musachite kunena. Munthu wokulira ku Matero, amene amadziwa kutentha kwa October ndi fumbi la August, akulemba za chipale chofewa chimene anangochiona pa TV. Nyengo zimabwera chifukwa dziko lathu n'lopendekeka madigiri pafupifupi 23.5, ndipo kuno zimatipatsa dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Nc'wala, mwambo wa Angoni, imachitika mu February ku Mtenguleni chifukwa ndi pamene zakumunda zayamba kupsa. Mwambo wa m'dziko lanu nawonso ukhale ndi chifukwa chake. Ndiuzeni njala imawawa liti, mitsinje imadzaza liti, asilikali angayende liti. Ndipo kopanda wotchi kulibe "mphindi zisanu". Kuli tambala woyamba, nthanda, dzuwa lili paliwombo, chisisira.

Chimene chimandiwawabe ndi cha mtsikana wina wa luso lenileni. Dziko lake linali ndi miyezi 8 ya masiku 50. Bwino ndithu. Koma mfumukazi yake inakhala ndi pakati miyezi 9, ndiye kuti masiku 450, kuposa chaka chonse cha dzikolo, pomwe mutu wotsatira ukuti inatenga pakati podzala n'kuchira pokolola dzinthu zomwezo. Cholowa cha mwanayo, chimene chinali msana wa buku lonse, chinadalira masiku amenewo. Mtsikanayo anabwera kwa ine atasindikiza kale.

Anali atalipira munthu wina wa pa Facebook wodzitcha mkonzi, amene anangowongola zilembo n'kumuuza kuti buku lapsa. Chenjerani nawo amenewa, pamodzi ndi anzawo ogulitsa makalendala opeka kale pa WhatsApp. Mkonzi wosakufunsani kuti chaka chanu chili ndi masiku angati sanawerenge nkhani yanu. Ndipo musadikire kufika tsamba 300. Kalendala imakonzedwa pa pepala limodzi musanayambe. Mukachedwa, mukasuntha tsiku limodzi mitu khumi imagwedezeka. Mtsikana uja akulembanso kuyambira mutu wachitatu, ndipo makatoni a mabuku oyamba aja akadali pansi pa bedi kwa amayi ake.